Kagalu kanga kali ndi chimimba koma nthiti zili pamtunda, ndikulakwitsa pati?

Funso: Adokotala, ndili ndi agalu awiri. Wamkulu ndi wamkazi wa zaka 6, wanenepa mpaka akumavutika kudzuka. Winayo ndi kamwana ka miyezi itatu, ndinakatenga masabata atatu apitawo, kamadya kwambiri koma sikakunenepa, mimba yokha ndi yomwe yatupa, ndipo kakumatsegula mmimba pafupipafupi. Onse amadyera mbale imodzi, ndimawapatsa zotsala tikadya ndi mafupa a nkhuku, kamwanako ndimakapatsanso mkaka wa ng'ombe mmawa uliwonse. Sikanabayidwepo katemera. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Mayi, zikomo pofunsa ndipo mtima mmalo, zomwe mwafotokozazi ndimakumana nazo kawirikawiri ndipo zambiri zimakonzeka. Kungoti agalu anuwa ngakhale akudyera mbale imodzi mavuto awo ndi osiyana kutalitali, nde tiyambe ndi kamwanako chifukwa ndi komwe sikangadikire.

Kagalu ka chimimba, nthiti pamtunda, kotsegula mmimba, ine ndisanakaone nkomwe maganizo amathamangira ku njoka za mmimba. Anthu amadabwa ndikawauza kuti tiagalu tambiri timabadwa nazo kale njokazi. Pali mtundu wina dzina lake Toxocara canis, timphutsi take timangokhala phee mthupi mwa make, akatenga bere timadzuka nkulowa mwa ana asanabadwe nkomwe. Mtundu wina uja umaluma matumbo nkumayamwa magazi umadutsira mu mkaka wa make. Nde kagalu kanu kakudya inde, koma kakudyera alendo. Takatukulani mlomo muone nkhama, zimayenera kukhala zofiirira bwinobwino, mukapeza zatuwa ngati pepala dziwani kuti magazi achepa ndipo pamenepo ndi kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Mwadongosolo kagalu kamayamba kumwa mankhwala a njoka kali ndi masabata awiri, nkumabwereza masabata awiri aliwonse mpaka kafike masabata 12, kenako kamodzi pamwezi mpaka miyezi 6, kuchoka apo miyezi itatu iliyonse moyo wake wonse. Kanu mwina kaphonya zonsezi, nde kamwetseni pano, mubwerezenso pakatha masabata awiri. Kubwerezako musakuone ngati kuononga ndalama, mankhwala ambiri amapha njoka zomwe zili mmatumbo nthawi imeneyo basi, timphutsi tomwe tidakali paulendo mthupi timatsala nkudzakula. Mankhwala odziwika ndi pyrantel ndi fenbendazole, ndipo praziquantel ndi wa njoka zaphwatalala zija zimatuluka tizidutswa ngati mpunga kumatako kwa galu. Muyezo wake umatengera kulemera, osati kuyerekeza ndi maso. Kwerani pa sikelo mutakanyamula, mutsike, mukwerenso nokha, muchotsere. Wamkuluyo amwenso tsiku lomwelo. Ndipo chimbudzi chawo muzitola tsiku ndi tsiku, ndikudziwa sizosangalatsa koma walira mvula walira matope, mazira a njokazi akakhala mdothi masabata angapo amakhwima ndipo ana osewera pansi amatha kuwameza.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri mu funso lanu ndi chiganizo chomalizacho, choti sikanabayidwepo. Kagalu ka miyezi itatu kosabayidwa kotsegula mmimba, dzina lomwe madokotala a ziweto timaliopa ndi parvo. Matendawa anatulukira mu 1978 nkufalikira dziko lonse mkanthawi kochepa, ndipo kachilombo kake ndi kouma mutu, kamatha kukhala mdothi miyezi yambirimbiri, mumatha kukabweretsa pakhomo ndi nsapato zanu osadziwa. Popeza mwati kakudya kwambiri, mwina si parvo, chifukwa kagalu ka parvo kamasiya kudya, kamangogona, kusanza, kenako kutsegula kwa magazi konunkha fungo loti ukalimva kamodzi suliiwala. Mukaona zimenezo musayese za pakhomo, kamafa ndi kutha madzi mthupi masiku awiri atatu okha, kamafunika diripi. Pomwe kaonongera pathireni bulichi, gawo limodzi pa magawo 30 a madzi, sopo wamba sapha kachilomboka.

Katemera wake amayamba pa masabata 6 mpaka 8, nkumabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi mpaka kagalu kakwane masabata 16. Ndi jakisoni mmodzi woteteza ku parvo, distemper (nthenda inanso yoopsa ya agalu) ndi matenda ena a chiwindi. Koma sitibaya kagalu kodwala, nde kayambe kamwa mankhwala a njoka, mmimba mukhazikike, kenako kabayidwe, ndipo mpaka katamaliza musamakatulutse kokakumana ndi agalu osawadziwa. Wa chiwewe amabaya pa miyezi itatu, kanu kafika kale, ndipo ameneyu si wa galu yekha ndi wanu ndi ana anu. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Chikangoyamba kuonetsa zizindikiro palibenso mankhwala. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 nkuthamangira kuchipatala, osadikira kuti tione kaye galuyo atani.

Tsopano mkaka uja. Usiyeni mawa lomwe. Ndikudziwa mumapereka mwachikondi, mwana ndi mkaka eti, koma mkaka wa ng'ombe ndi wa mwana wa ng'ombe. Wa galu uli ndi mafuta ndi mapuloteni pafupifupi kawiri kuposa wa ng'ombe pomwe shuga wake ndi wochepa, ndipo kagalu kakasiya kuyamwa, cha pa masabata 6 mpaka 8, mphamvu yogaya shuga wa mu mkaka imayamba kutsika. Shuga wosagayikayo amakoka madzi mmatumbo, zotsatira zake ndi zomwe mukukolopazo. Ndaonapo tiagalu tambiri tosiya kutsegula masiku awiri okha titangochotseredwa mkaka, popanda mankhwala ena aliwonse. Kagalu ka miyezi itatu chakumwa chake ndi madzi basi.

Mbale imodzi ija ndiyo yalumikiza mavuto awiriwa. Galu wamkulu akaima pambale, olo asaulume, kamwana kamadziwa malo ake, kamadya zomwe wasiya. Nde nyama ndi mafuta zonse zikupita kwa yemwe sakuzifuna, kamwana komwe kakumanga mafupa ndi minofu kakutsala ndi zokhutitsa mimba chabe. Gulani mbale yachiwiri, adyere malo osiyana osaonana, muike chakudya kwa mphindi 15 kapena 20 kenako muchotse kaya wamaliza kaya sanamalize. Kamwanako kazidya katatu kapena kanayi patsiku pano, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Wamkuluyo kawiri. Ubwino wina wodyetsa panthawi ndi woti tsiku lomwe galu wakana kudya mumadziwa pompo, pomwe chakudya chikamangokhala mmbale tsiku lonse mumadzazindikira patapita masiku atatu.

Nanga adye chani? Pano anthu amakangana kwambiri, ena amati galu ndi mmbulu azidya nyama yokhayokha, ena amati galu amadya chilichonse. Onse akulakwitsa. Mu 2013 akatswiri a ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden anafanizira chibadwa cha agalu ndi cha mimbulu, anapeza kuti agalu pokhala ndi anthu zaka zikwizikwi anasintha nkukhala ndi mphamvu yogaya zakudya ngati mpunga, tirigu ndi mbatata kuposa mimbulu. Nde zimenezi zikaphikidwa bwino galu amagaya ndithu. Koma kugaya ndi kwina, kukwanira ndi kwina. Galu wongodya zokhutitsa amakhala ndi moyo inde, koma ubweya umayoyoka, minofu kulibe, chilonda chimachedwa kupola.

Nyama yokhayokha nayo ili ndi msampha wake omwe ambiri saudziwa, makamaka kwa tiana. Mnofu uli ndi phosphorus wambiri koma kashiamu wochepa zedi, pomwe thupi la galu limafuna michere iwiri yomanga mafupayi ikhale pafupifupi yofanana, kashiamu nkuposako pang'ono. Zikapendekeka thupi limayamba kuba kashiamu mmafupa, nde mumaona kagalu kodya nyama tsiku lililonse koma miyendo yopindika, kakadumpha pampando fupa thyoo. Mwini wake kudabwa kuti ine ndimakadyetsa bwino bwanji. Ndiye wina akamva zimenezi amathamangira kukagula mapiritsi a kashiamu nkumangothira, kumenenso ndi kulakwitsa, makamaka kwa tiagalu ta mitundu ikuluikulu ngati German Shepherd, Rottweiler kapena Great Dane, chifukwa kagalu kakang'ono thupi lake silitha kukana kashiamu wopitirira muyezo, limangomutenga yense, mfundo za mafupa nkukula mopotoka.

Pachifukwa chimenechi, kwa kamwana ine maganizo anga ndi oti ngati mungakwanitse gulani chakudya cha mthumba chopangira tiagalu, mpaka kakwane chaka, kapena chaka ndi theka ngati ndi mtundu waukulu. Pathumba muone kuti alemba kuti ndi chokwanira pachokha osati chongowonjezera, ndipo matumba ambiri amatchula miyezo ya AAFCO ya ku America kapena FEDIAF ya ku Ulaya. Mwa miyezo ya AAFCO chakudya cha kagalu kokula chimayenera kukhala ndi mapuloteni osachepera 22.5 peresenti, cha galu wamkulu 18 peresenti, powerengera chakudya chitachotsedwa madzi. Chithunzi cha galu wokongola pathumba chisakunyengeni, tembenuzani muwerenge kumbuyo. Thumba likatsegulidwa lisungeni pouma potsekeka, ndipo chakudya chilichonse chomwe chachita chuku, cha mthumba kaya cha pakhomo, tayani. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi, agalu sachedwa naye, ndipo kuphika sikumupha.

Ngati mukuphika nokha, zimatheka, bola muziphikira galuyo osati kumukokolera zotsala. Mphika wake pasakhale mchere wambiri, anyezi kapena zokometsera. Mukhale nyama, nsomba yochotsa minga kapena mazira ophika zochulukirapo ndithu osati zongonunkhiritsa, chokhutitsa chophika bwino ngati mpunga kapena mbatata, masamba pang'ono, karoti kapena dzungu, timafuta pang'ono. Chiwindi ndi chabwino koma kachidutswa kamodzi kawiri pasabata, chikachuluka vitamini A amapitirira. Kashiamu ambiri amamupeza mu zigoba za mazira zouma zosinja kukhala ufa, koma muyezo wake makamaka wa kamwana akuwerengereni dokotala yemwe wakaona ndi kukayeza. Ndipo kusintha kulikonse kwa chakudya kuchitike pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu, masiku awiri oyamba chatsopano chikhale gawo limodzi mwa anayi, kenako theka, kenako magawo atatu, mukasintha lero ndi lero kagalu kotsegula kale kadzangowonjezera.

Mafupa a nkhuku aja ayi mayi, ayi ndithu. Ndikudziwa yankho lake, agalu akhala akudya mafupa kuyambira kalekale osafa. Ambiri amapulumukadi, koma ife timaona omwe sanapulumuke. Fupa likaphikidwa kapena kuotchedwa limauma, galu akalitafuna limasweka tizisonga ngati singano, limatha kuima pakhosi, kuboola matumbo, kapena kuunjikana kumapeto galu nkumadzikakamiza masiku atatu osatulutsa kanthu. Chitsononkho cha chimanga nachonso chimodzimodzi, sichigayika, chimakatseka matumbo mpaka opaleshoni.

Zotsala zapatebulo vuto lake lina ndi anyezi ndi adyo, zomwe zimakhala pafupifupi mu ndiwo iliyonse. Ziwirizi zimaphwanya maselo ofiira a magazi a galu, zaziwisi kaya zophika, ndipo sizioneka tsiku lomwelo, zimadya pang'onopang'ono, nde tangoganizani kagalu komwe njoka zikukayamwa kale magazi. Zina zoti zisafike pakamwa pa galu ndi chokoleti, makamaka chakuda, mphesa ndi zouma zomwe chifukwa zimatha kuimitsa impso, khofi, mowa, ndi xylitol yemwe amapezeka mu chingamu ndi maswiti olembedwa kuti alibe shuga, ameneyu amagwetsa shuga wa mmagazi mwa galu mkati mwa ola limodzi. Mafuta otsala mpoto ndi zikopa zonona zimatha kutupitsa kapamba, galu nkumasanza atapinda msana ndi ululu. Komanso chonde, galu akadwala musamupatse mankhwala anu a ululu. Ibuprofen ndi diclofenac amaboola chifu ndi kuononga impso za galu, paracetamol naye akapitirira muyezo amaononga chiwindi.

Tibwere kwa mayi wamkuluyo. Anthu ambiri galu wonenepa amamuona ngati umboni woti akusamalidwa, ine ndimamumvera chisoni. Muyeso wake ndi manja anu omwewo. Yendetsani zikhatho mmbali mwake osadinikiza, nthiti zizimveka ngati mmene mumamvera mafupa a kuseri kwa dzanja lanu mutalitambasula. Zikamaoneka ndi maso patali ngati za kamwanako, waonda. Mukamachita kukumba ndi zala kuti muzipeze, wanenepa. Mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka, osati thupi longoti ndendende ngati mgolo. Kuchipatala timapereka manambala kuyambira 1 mpaka 9, woyenera ndi 4 kapena 5.

Pali kafukufuku wina yemwe ndimakonda kuuza eni agalu, anatuluka mu 2002. Anatenga agalu 48 a mtundu wa Labrador, nkuwaika awiriawiri a bere limodzi, mmodzi nkumamupatsa chakudya chochepa ndi gawo limodzi mwa anayi poyerekeza ndi mbale wake, moyo wawo wonse. Odya mochepa aja anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo, zaka 13 pomwe enawo 11 ndi miyezi yochepa, ndipo matenda a mfundo anachedwa kuwayamba. Kuvutika kudzuka komwe mukuona kwa wanuyo mwina ndi mfundo zomwe zatopa kusenza katundu.

Pomuchepetsa thupi musamumane chakudya mwankhanza, ingoyezani. Mwachitsanzo galu wamkulu wa makilogalamu 20 wongokhala pakhomo amafuna makalori cha mma 1,000 patsiku, ndipo popeza zakudya zouma zambiri zimakhala ndi makalori 350 mpaka 400 pa magalamu 100, ndiye kuti ndi magalamu 250 mpaka 300 patsiku lonse, mugawe pawiri. Mukayeza mudzaona kuti ndi chochepa kuposa mmene mumaganizira. Wonenepa timamuwerengera potengera kulemera komwe akuyenera kukhala, osati komwe ali, ndipo azitsika ndi 1 kapena 2 peresenti ya thupi lake pasabata, nde ndi nkhani ya miyezi, kuona maso a nkhono nkudekha. Tokometsera tapambali tisapitirire gawo limodzi mwa 10 la chakudya cha tsikulo, ndipo apa chovuta si galu koma anthu a mnyumba, aliyense amaponya kake mobisa akamuyang'ana ndi maso achisoni aja kkkk. Muwauze onse. Akamapempha mpatseni kachidutswa ka karoti. Kuyenda muyambe ndi mphindi 10 kapena 15 mmawa ndi madzulo kukazizira, nkumawonjezera, osamuthamangitsa dzuwa lili pamutu chifukwa galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu, ndipo wonenepa kutentha kumamugwetsa msanga.

Zina za tsiku ndi tsiku ndingodutsamo. Madzi oyera azikhalapo nthawi zonse pamthunzi, galu amamwa pafupifupi mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, nde wa makilogalamu 20 ndi lita imodzi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo mbale muzitsuka osati kungothiramo ena pamwamba. Kusamba kamodzi pamwezi kapena akada nkokwanira, ndi sopo wa agalu, sopo wochapira zovala amaumitsa khungu galu nkumangodzikanda. Mukamamusisita muzifufuza nkhupakupa mmakutu, mkhosi ndi pakati pa zala, zimafalitsa matenda ngati babesia omwe amatha magazi, galu kutentha thupi, mkodzo kufiira. Nthata nazo ndi zomwe zimabweretsa njoka zaphwatalala zija galu akazimeza podziluma, nde mankhwala a njoka popanda kuthana ndi nthata ndi kutunga madzi ndi dengu. Mankhwala opaka kapena omwa a nthata ndi nkhupakupa muwerenge msinkhu womwe alemba musanapatse kamwana, ndipo ngati muli ndi mphaka samalani ndi omwe ali ndi permethrin, amapha amphaka. Kamwanako posachedwa kayamba kugweza mano, 28 a ubwana aja kuti kamere 42 okhazikika, nde nsapato zanu zili pangozi mpaka cha pa miyezi 7, kapezereni choseweretsa cholimba choti kazitafuna. Ndipo galu womangidwa pa unyolo usana ndi usiku sakhala mlonda wabwino ngati mmene ena amanenera, amangokhala wamantha ndi wolusa kwa aliyense, ana a pakhomo omwe.

Chinthu chimodzi simunanene, ngati wamkaziyo anachotsedwa chiberekero kapena ayi. Ndafunsa dala. Galu wamkazi wosachotsedwa amalowa nyengo yofuna amuna pafupifupi miyezi 6 iliyonse, ndipo akamakula, zaka ngati zake zomwezi, pali matenda otchedwa pyometra, chiberekero chimadzaza mafinya, kawirikawiri mwezi umodzi kapena iwiri nyengoyo itatha. Amayamba kumwa madzi modabwitsa, kukodza pafupipafupi, kufooka, kukana chakudya, mimba kutupa, pena mafinya amatuluka kumaliseche pena satuluka nkomwe, ndipo kusatulukako ndiye koopsa kwambiri. Kwa galu wonenepa kale mimba yotupayo sioneka, mwini amangoti ndi ulesi wake uja. Nde tsiku lomwe mukupita ndi kamwanako, mutengenso wamkuluyo amuyeze kulemera, amugwire mimba ndi mfundo, ndipo mukumbukire kuti nyengo yake yomaliza inali liti chifukwa adzakufunsani.